Mphunzitsi Wabwino Ndi Wotchinga Kapena Womwetsa?

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwambiwu umamukwana bwino mphunzitsi wa timu ya mpira ya yunivesite ya Alabama ku America. Mpira wake si wamiyendo uja tidauzolowera ayi, koma wonyamula m'manja, wosewera atavala zipewa zolimba. Timu iliyonse imakhala ndi magulu awiri a osewera khumi ndi mmodzi. Gulu lina limalowa timu ikakhala ndi mpira kuti limwetse, ndipo linalo limalowa mpira ukakhala kwa adani kuti litchinge. Choncho mphunzitsi watsopano akamalembedwa ntchito, ochemerera amayamba ndi funso limodzi: kodi ameneyu ndi wa gulu liti? M'chimangirizo chino ndifotokoza chifukwa chimene ndimaonera kuti funsoli ndi losakwanira.

Ine mtima wanga uli kwa otchinga. Mnzanga amene ndimaonera naye masewerawa pa intaneti amati timu yosamwetsa kwambiri imagonetsa tulo. Tikayamba kukangana timafika kwa Nick Saban, ndipo chodabwitsa n'chakuti aliyense wa ife amamutenga kukhala mboni yake.

Umboni wanga ndi uwu. Saban adafika ku Tuscaloosa mu Januwale 2007 kuchokera ku timu ya Miami Dolphins, ali katswiri wodziwika pa zotchinga. Mu Novembala 2011 Alabama idagonja kwa LSU ndi mapointi 9 kwa 6, popanda timu yofikitsa mpira kumzere wa adani. Matimu omwewa atakumananso mu Januwale 2012 polimbirana chikho cha dziko lonse, Alabama idapambana 21 kwa 0. Kwa ine palibe chokoma kuposa kuona adani akuyesa khomo lililonse n'kulipeza lokhoma.

Naye mnzangayo sasowa chonena. Mu 2012 Saban adadandaula poyera za matimu osewera mothamanga osapatsa otchinga mpata wopuma. Koma mu 2014 munthu yemweyo adalemba Lane Kiffin kuti atsogolere gulu lomwetsa. Ochemerera ambiri adang'ung'udza, pakuti Kiffin adali atangochotsedwa ntchito ku USC, komanso mu 2009 adaphunzitsapo Tennessee, mdani wakalekale wa Alabama. Chikho cha nyengo ya 2015 adachitenga pogonjetsa Clemson 45 kwa 40. Mu Okutobala 2020 adagonjetsa Ole Miss 63 kwa 48, ndipo chaka chomwecho Saban adavomera kuti nthawi yoti otchinga abwino azigonjetsa omwetsa abwino idatha. Mu Januwale 2021 timuyi idakwapula Ohio State 52 kwa 24 n'kunyamulanso chikho.

Tsono ngati tonse awiri tikunena zoona, ndiye kuti tikukangana pa chinthu chimene sichidapambanitse Saban. Zikho zisanu ndi chimodzi zimene adatenga ku Alabama, kuyambira nyengo ya 2009 mpaka ya 2020, sadazitenge ndi njira imodzi. Ataona kuti masewera asintha, adasiya zimene ankazikonda n'kuitana anthu odziwa zimene iye sankazidziwa bwino, ngakhale munthu amene ochemerera sankamufuna. Mphunzitsi wofunika ndi amene amatha kusintha kavinidwe ng'oma ikasintha, osataya mwambo pa timu.

Vuto n'lakuti khalidwe limeneli silioneka tsiku lolemba ntchito. Limaoneka patapita zaka, ndipo ochemerera zakazo safuna kuzidikira. Saban atapuma pa ntchito mu Januwale 2024, yunivesite idalemba Kalen DeBoer wochokera ku Washington, wodziwika ndi zomwetsa. Mu Okutobala chaka chomwecho Alabama idagonja kwa Vanderbilt 40 kwa 35, koyamba chiyambire 1984, ndipo nyengoyo idatha ndi kupambana masewera 9, kugonja 4. Okonda zotchinga adakuwa kuti adanena kale. Amene ankakuwawo adaiwala kuti m'chaka choyamba cha Saban timu idagonja kasanu ndi kamodzi, kuphatikizapo kugonja pakhomo kwa Louisiana-Monroe, timu yaing'ono, ndi mapointi 21 kwa 14. Akadamuthamangitsa nthawi imeneyo, zikho zija zikadapita kwina.

Pomaliza, sindikunena kuti ochemerera asiye kukangana, chifukwa mkangano ndiwo mchere wa masewera. Inenso sindidzasiya kukonda masewera othera 9 kwa 6. Koma pa mphunzitsi watsopano, tisanafunse gulu limene akuchokera, tifunse ngati amatha kulemba womuthandiza woganiza mosiyana naye, komanso ngati amamumvera akamulemba. Tikatero timupatse nthawi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.