Tonde wabwino asamathere mu mphika

Abale anga a kuno kunyanja ndi inu a m'tauni, lero ndikambe za mbuzi zathu. Tayendani m'makola kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa: timbuzi tikubadwa tochepa, tina tikufa tisanaleke kuyamwa. Timathamangira kunena kuti ndi matenda kapena msipu. Zimenezo ziliko, koma chinanso ndi chibale.

Mbuzi imakhala ndi bere miyezi 5, ndipo msoti umatha kukweredwa usanathe chaka. Ndiye tonde akakhalitsa pakhola zaka zitatu, ndiye kuti akukwera ana ake ndi zidzukulu zomwe. Akulu amati chibale ndi fupa sichiola, koma m'khola chibale chimafooketsa mtundu.

Akatswiri zimenezi amachita kuyeza. Amatenga magazi pang'ono kapena ubweya wozula ndi mizu yake, n'kuwerenga DNA, malangizo a thupi amene chiweto chimalandira theka kwa bambo, theka kwa mayi. Akapeza kuti mbali ziwirizi zikufanana malo ambiri, amadziwa kuti makolowo anali pachibale. Pamenepo chilema chobisika chimatulukira poyera, chifukwa palibe mbali yabwino yochiphimba. Ife makina tilibe, koma funso limodzi ndi lokwanira: kodi tonde ameneyu bambo wake ndani?

Taonani za njovu m'nkhalango yathu ya Nkhotakota. Zinali zoposa 1,500, opha nyama mozemba anazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 a African Parks anabweretsa zina pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Chiwerengero chinakwera, komanso magazi achilendo analowa. Ngati njovu inakwera lole, tonde angakanike panjinga?

Inu a ku Lilongwe, mukamaimba foni pa Khirisimasi kapena paukwati mumati, “Mundisankhire wamkulu uja.” Ife pofuna ndalama ya feteleza timapereka, m'mudzi n'kutsala katonde konyentchera, ndiye kamakhala bambo wa khola lonse. Chonde, muzilandira mbuzi yofula. Nyama yake ndi yonona, fungo ilibenso.

Anzanga a pamudzi, tiyeni tizisinthana atonde chaka ndi chaka ndi midzi yakutali, monga ya ku Mwansambo, osati ndi khola loyandikana nalo, poti mbuzi zathu zimadyera dambo limodzi. Tizilemba m'kope tsiku limene tonde wabwera ndi kumene wachokera. Mlangizi wa ziweto ayambe wamuona, tingagule matenda.

Amene ali ndi tonde woti tisinthane mvula isanagwe, alembe m'munsimu mudzi wake.