Ndisanagwire Chozulira Mano

Anthu ambiri amafika kuchipatala cha mano atagamula kale mlandu wa dzino lawo: lizulidwe basi. Ntchito yanga ndi kuzula, kumata ndi kutsuka mano, koma pali odwala ena amene ndimawachedwetsa dala pampando, mpaka ena amanyinyirika. Ndi aja amene chitetezo cha m'thupi chinawatembenukira, m'malo molimbana ndi tizilombo n'kumawononga mfundo za mafupa, khungu, impso kapena tiziwalo topanga malovu. Amene ndimawaona kawirikawiri ndi a nyamakazi yotupitsa mfundo, ija madokotala amati rheumatoid arthritis, ndi a lupus. Ambiri ndi amayi.

Kwa otere ndimayamba ndi buku la kuchipatala ndi kathumba ka mankhwala. "Amayi, tandionetsani zonse zimene mukumwa, ngakhale zogula pagolosale." Ndikaona methotrexate ndimafunsa tsiku limene amamwa, chifukwa mankhwalawa ndi a kamodzi pa sabata. Wina akamamwa tsiku lililonse poti sanamvetse, m'kamwa ndimo mumaulula msanga: zilonda zofiira, zowawa, m'masaya ndi palilime. Woteroyo sindimugwira dzino. Ndimamutumiza kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, poti methotrexate akachuluka amachepetsa maselo oteteza thupi ndi aja othandiza magazi kuundana. Kuzula pamenepo n'kuputa magazi osaleka ndi mafinya.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwenikweni ndi Bactrim. Kuno kwathu chifuwa ndi Bactrim, m'mimba Bactrim, tsaya likatupa Bactrim, ndipo ambiri amene ali pa ma ARV amapatsidwa kuti azimwa tsiku ndi tsiku. Koma Bactrim ndi methotrexate onse amasokoneza ntchito ya folic acid m'thupi, ndipo akakumana amatha kulepheretsa mafuta a m'mafupa kupanga magazi. Munthu atha kufa nazo. Brufen ndi diclofenac nawonso ndimawapewa: amachedwetsa impso kutulutsa methotrexate, ndipo akaphatikizana ndi prednisolone amayambitsa zilonda za m'mimba. Ndikalemba Panado wodwala amandiyang'ana ngati ndamupeputsa, "Adokotala, ameneyu ndili naye kunyumba." Ndimamusiya adandaule, bola atenge yemweyo.

Prednisolone ali ndi nkhani yakeyake. Munthu akamumwa kwa miyezi, tiziwalo ta pamwamba pa impso timagona, osapanganso mphamvu imene thupi limafuna likakumana ndi ululu kapena mantha. Ena amaganiza kuti pobwera kudzazulitsa dzino ndi bwino kusamwa mankhwala alionse. Ayi ndithu. Ndimawauza amwe monga mwa masiku onse, adye kaye, abwere m'mawa, ndipo jakisoni wa dzanzi ndimaonetsetsa kuti wagwira ndisanayambe. Bala lawo limachedwa kupola, choncho ndimawaitananso kudzaliona. Ngati anapatsidwanso alendronate kuti mafupa asafooke, ndimayesetsa kupulumutsa dzinolo, chifukwa nthawi zina pamene tazula fupa la nsagwada limatsala poyera osapola.

Prednisolone yemweyo amabweretsa zoyerayera palilime ndi m'masaya. Wodwala akaziona pagalasi mtima umathamangira ku HIV, ndipo ena amabisa kwa amuna awo. Kuyezetsa n'kofunika, koma ndimawafotokozera kuti mankhwala ofooketsa chitetezo amachitanso zomwezo, ndipo nystatin amazithetsa. Hydroxychloroquine wa odwala lupus, mbale wake wa chloroquine uja Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993, savuta kwenikweni pa ntchito yanga, kungoti nthawi zina amadetsa kumwamba kwa m'kamwa.

Amene amandimvetsa chisoni ndi a matenda a Sjögren, otchedwa dzina la dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, amene anawafotokoza mu 1933. Maso amauma, malovu amatha. Kagalasi kanga koonera mano kamamatirira kutsaya, lilime limakhala lofiira long'ambikang'ambika, nsima satha kumeza popanda madzi. Malovu ndiwo amatsuka mano ndi kuziziritsa asidi, ndiye akasowa mano amabooka m'khosi mwake, pafupi ndi nkhama, ngakhale akutsogolo amene sabooka wamba. Choipa n'chakuti ambiri amanyowetsa m'kamwa ndi masiwiti kapena zakumwa zotsekemera, n'kumathira mafuta pamoto. Ndimawauza aziyenda ndi botolo la madzi, azitafuna chingamu chopanda shuga, ndipo akatsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride angolavula, asachukuche.

Kutsukako nakonso ndi ntchito kwa mayi amene zala zinapindika ndi nyamakazi, poti mswachi ndi wowonda, sugwirika. Ndimatenga mphira wa chubu cha njinga, ndikukulunga chogwirira mpaka chinenepe, n'kuwapatsa ayese pomwepo ndikuona ngati dzanja likufika kumano akumapeto.