Safunsa adadya phula: za mdzukulu wanga ndi Chingerezi cha ku Glasgow

Ndili kuno ku Njakwa, kumene mtsinje wa Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri usanalowe m'chigwa cha Henga. Mwambi wathu wa lero ndi waufupi: safunsa adadya phula. Munthu wosadziwa za njuchi akapatsidwa chisa cha uchi, n'kuchita manyazi kufunsa kadyedwe kake, amatafuna zonse n'kumeza phula lomwe, pamene anzake akuyamwa uchi n'kulavula. Mwambi umenewu ndidauphunzitsa m'kalasi kwa zaka zoposa 30, ndipo ndinkayesa kuti ndimaudziwa. Koma tanthauzo lake lenileni lidandifikira ndili wokalamba kale, kudzera pa lamya.

M'mwezi wa June chaka cha 2023, mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga wachisamba, adakwera ndege kupita ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kukachita digiri yachiwiri. Adapeza thandizo lolipirira maphunziro, koma padali lamulo limodzi. Asanayambe maphunziro enieniwo ankayenera kukhala m'kalasi la Chingerezi kwa masabata 10 pa sukulu yaukachenjede yomweyo, ndipo akalephera, malo ake atha. Chifukwa chake chidali mayeso otchedwa IELTS, amene amayesa zinthu zinayi: kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula. Malikisi ake amalekezera pa 9. Sukulu inkafuna 6.5, iye adapeza 6.

Kunena zoona, nkhaniyi idandipweteka ine kuposa mwini wake. Mwana amene adaphunzira maphunziro ake onse m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 mpaka ku koleji, akauzidwe kuti ayambe waphunzira Chingerezi? Pambuyo pake ndidamva kuti boma la Britain lili ndi mndandanda wa mayiko amene limawawerengera kuti anthu ake ambiri amayankhula Chingerezi, monga Jamaica, Canada ndi Australia, ndipo m'menemo mulibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Ndidang'ung'udza kwa masiku angapo, kenaka ndidakumbuka kuti walira mvula walira matope. Tidampempherera, tidamuperekeza.

Patatha masabata atatu lamya idalira usiku, ine nditagona kale. Iye ankayankhula m'Chitumbuka, koma ndikuuzani m'Chichewa. "Asekuru, ine ndikufuna kubwerera. Chingerezi chimene mudatiphunzitsa sichigwira ntchito kuno." Ndidadzuka n'kukhala pamphepete pa bedi. Ndidamuuza kuti afotokoze bwinobwino, asathamange. Adati kunja kudakali kowala ngakhale nthawi ikuyandikira 10 koloko usiku, chifukwa m'miyezi imeneyo dzuwa la kumeneko limachedwa kulowa, ndipo tulo sitinkabwera. Atapuma, adatchula mavuto ake. Pomvetsera ndidaona kuti adali atatu: la khutu, la pakamwa ndi la dzanja.

La khutu lidali losavuta kulimvetsa. Anthu a ku Glasgow ali ndi katchulidwe kawokawo, kofulumira, kosiyana ndi Chingerezi cha pa wailesi chimene ife tidazolowera. Tsiku loyamba woyendetsa basi adamufunsa kanthu, iye osamva. Adabwereza, iye osamvabe. Chifukwa cha manyazi adangovomera ndi mutu, ndipo basiyo idakamutsitsa kutali ndi sukulu. M'sitolo chimodzimodzi, ankangoti inde pa chilichonse, n'kutuluka ndi zinthu zimene sadazifune.

La pakamwa lidali lozama, pakuti lidakhudza mwambo. Kuno kwathu mwana wolangizidwa sayang'ana wamkulu m'maso, satchula dzina lake, ndipo samutsutsa pagulu. Mtsikana amagwada popereka madzi, amayankha motsitsa mawu. Kumeneko aphunzitsi adawauza tsiku loyamba kuti aziwaitana ndi dzina lawo loyamba, ngati mnzawo wosewera naye. Mdzukulu wanga lilime lidakana. Choncho sankawaitana n'komwe, ndipo posawaitana sankafunsanso mafunso. M'kalasi mudali ophunzira ochokera ku China, ku Saudi Arabia, ku Thailand ndi kwina, ndipo ankawakhazika m'magulu kuti akambirane nkhani ndi kutsutsana. Iye ankadikira kuti apatsidwe mpata monga timachitira pabwalo la mfumu, koma mpatawo palibe ankaupereka, aliyense ankangodzitengera. Pa lipoti loyamba aphunzitsi adalemba kuti satenga nawo mbali. Ulemu umene tidamuphunzitsa udawerengedwa ngati ulesi.

La dzanja ndilo lidandidabwitsa koposa, chifukwa mwanayu ankalemba bwino kuyambira ali wamng'ono. Chimangirizo chake choyamba chidabwerera chili ndi ndemanga ziwiri. Yoyamba idati mfundo yake yaikulu ili pa tsamba lachitatu pamene imayenera kukhala m'ndime yoyamba. Apa ndidaseka ndekha mumdima, pakuti ndidazindikira malonje. Ife mlendo akafika sayamba ndi chimene wadzera. Amakhala pansi, amafotokoza za kumene wachoka, za mvula, za odwala, za njira, ndipo chenicheni chimadza pomaliza. Kuyamba ndi chimene wadzera ndi mwano. Mwanayo adalemba malonje pa pepala, eni ake akufuna nkhani pakhomo pomwe.

Ndemanga yachiwiri idali yoopsa. Idati adatenga maganizo a anthu ena osatchula eni ake, ndipo adamuchenjeza kuti m'maphunziro enieni mlandu wotere umachotsetsa munthu sukulu. Iye adalira, nati sadabe kanthu. Ndipo ndikumumvetsa. Taganizani, adzukulu anga: mwambi uli pamutu pa nkhani ino, mwini wake ndani? Adaunena chaka chanji? Ife timangoti "akuluakulu adati", basi, ndipo palibe amafunsa kuti akuluakulu ake ati. Nzeru kwathu ili ngati chitsime cha mudzi, aliyense amatunga. Kwa anzathuwo nzeru yolembedwa ili ngati munda wokhala ndi malire: ukatapamo uyenera kutchula dzina la mwini, chaka chimene adalemba, ndi tsamba. Palibe njira yolakwika pa ziwirizi, koma wolowa m'munda wa eni ayenera kudziwa malire.

Lamya itaduka sindidagonenso. Mawu aja akuti "Chingerezi chimene mudatiphunzitsa" adandikhala pamtima, ndipo ndiyenera kuulula mbali yanga. M'masiku anga a uphunzitsi wamkulu tidali ndi kathabwa ka chingwe kamene tinkakoleka m'khosi mwa mwana wogwidwa akuyankhula chiyankhulo cha kwawo pa sukulu. Iye ankayenera kusaka mnzake woti amupatsire, ndipo wotsala nako poweruka ankalandira chibalo. Tinkati tikuphunzitsa Chingerezi. Chimene ana adaphunzira n'chakuti njira yabwino yopewera kathabwa ndi kutseka pakamwa. Tidatulutsa ana odziwa malamulo a galamala, olemba kalata yofunsira ntchito yopanda cholakwa, koma oopa kukweza dzanja n'kunena kuti sindinamve. Phula limene mdzukulu wanga ankatafuna ku Glasgow, mbali ina ndidamutafunitsa ndine.

Chodabwitsa n'chakuti ululu wa mlendo wa chiyankhulo ndidaudziwa ndekha. Ndidayamba sukulu tikuphunzira m'Chitumbuka. Mu 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo tidayamba kuphunzira Chichewa tili akuluakulu. Nditamaliza ku koleji ya aphunzitsi adanditumiza ku sukulu ina m'chigawo chapakati. Tsiku lina pa mzere wa m'mawa ndidauza ana kuti afulumire chifukwa dazi lawala kwambiri. Kwathu dazi ndi dzuwa. Sindidadziwe kuti m'Chichewa dazi ndi mutu wopanda tsitsi, ndipo aphunzitsi aakulu amene adaima pambali panga adali nalo lalikulu ndithu. Sukulu yonse idagwa ndi phwete. Adandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene ankandigulitsa ndiwo. Ndidamupempha kuti azindikonza ndikalakwitsa, ndipo adachita zimenezo mosanyengerera kwa zaka ziwiri. Chichewa chimene mukuwerengachi gwero lake ndi mayi ameneyo.

M'mawa mwake ndidamuimbira. Ndidayamba ndi nkhani ya dazi, ndipo adaseka koyamba chichokereni kuno. Kenaka ndidamukumbutsa za Legson Kayira, mnyamata wa ku Nthalire amene adaphunzira ku Livingstonia, m'boma lathu lomwe lino la Rumphi. Mu 1958 adanyamuka wapansi kufuna maphunziro ku America. Adadutsa Tanganyika ndi Uganda, akugwira maganyu m'njira, mpaka adafika ku Khartoum, ulendo wa makilomita oposa 3,000. Ali ku Kampala adalowa m'nyumba yowerengeramo mabuku, adapeza buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera kalata Skagit Valley College kupempha malo. Adamulandira, ndipo adafika kumeneko kumapeto kwa 1960. Pambuyo pake adaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge, ndipo mu 1965 adatulutsa buku la moyo wake lotchedwa I Will Try. Adamwalira ku London mu 2012. Anthu akamakamba za iye amatama miyendo yake, amati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Koma ine ndidauza mdzukulu wanga kuti miyendo yokha sikadamufikitsa. Pa mudzi uliwonse ankayenera kufunsa njira kwa anthu a chiyankhulo china, ndipo chimene chidamutsegulira khomo ndi kalata yopempha kwa anthu amene sadawaonepo.

Ndidamupatsa ntchito zitatu, monga mphunzitsi sasiya khalidwe lake. Choyamba, akapanda kumva anene kuti sanamve, ngakhale katatu. Chachiwiri, apite kwa aphunzitsi ake payekha akawafotokozere za malonje ndi za "akuluakulu adati", kuti adziwe kuti si ulesi kapena kuba. Chachitatu, tsiku lililonse ayankhule kamodzi m'gulu, ngakhale mtima ukugunda. Za dzina loyamba ndidamuuza kuti ulemu ndi kuchitira munthu chimene iye amachiyesa ulemu. Ngati mwini wake wapempha kuitanidwa motero, kukana ndiko mwano.

Sindinena kuti zonse zidasintha tsiku limodzi. Koma adapita kwa aphunzitsi aja, ndipo iwo adamvetsera mwachidwi, namuonetsa kalembedwe kake ndime ndi ndime: mfundo patsogolo, umboni pambuyo, mwini wa umboni m'mikutiramawu. Adamuuzanso kuti ophunzira ochokera kumayiko ena ambiri amavutika ndi zomwezo. Ndipo apa mwambi wina udakwaniritsidwa, wakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anzake a m'kalasi adatulukira kuti mtsikana wachete uja amadziwa galamala kuposa onse. Adayamba kumubweretsera zolemba zawo kuti awakonzere, iwo namuphunzitsa kufufuza mabuku pa kompyuta, chinthu chimene kwathu adachichita mwa apo ndi apo. Mnzake wina wa ku China adamuperekeza ku sitolo ya zakudya za ku Africa kumene adapeza ufa, ndipo Loweruka lina adaphikira gulu lonse nsima. Adandiuza kuti adawaphunzitsa kutema mbamu ndi manja, ndipo tsiku limenelo ofunsa adali iwo.

Cha kumapeto kwa masabata aja adakwera sitima kupita ku Blantyre wa ku Scotland, kamtauni ka pafupi ndi Glasgow kumene David Livingstone adabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu wa Blantyre udatengera dzina kumeneko. Adanditumizira chithunzi ataima pakhomo pa nyumbayo. Ndidachiyang'ana nthawi yaitali. Dr Robert Laws, amene adakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, adachokera ku Scotland komweko, ndipo iye ndi anzake adayenera kukhala pansi n'kuphunzira ziyankhulo za kuno kwa makolo athu. Mosakayika nawonso adalakwitsa mawu, ndipo ana adawaseka. Ulendo ndi womwewo, wangotembenuka.

Mayeso otsiriza adakhoza, osati mwapamwamba, koma mokwanira kulowa m'maphunziro ake mu September. Chaka chotsatira adamaliza digiri, ndipo pano ali kuno kumudzi kwathu ku Malawi, akugwira ntchito. Atabwera kudzandiona adagwada pondipatsa moni monga kale, ndipo titakhala pa khonde adanditsutsa pa nkhani ina ya mbiri yakale, akundiyang'ana m'maso. Agogo ake aakazi adadzidzimuka. Ine ndidapita kukatenga buku, ndipo tidapeza kuti wolondola adali iye.

Tsono inu adzukulu amene mukulota zopita kunja, Chingerezi chiphunzireni ndi mtima wonse, ndipo muchiyankhule mokweza ngakhale mukulakwitsa. Koma musataye chiyankhulo cha amayi anu, pakuti usiku umene zinthu zidamuthina mwana uja, sadalire m'Chingerezi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo inu aphunzitsi anzanga amene mudakali pa ntchito, ngati kathabwa kaja kadakalipo pa sukulu yanu, kaponyeni pamoto. Mwana akakweza dzanja n'kunena kuti sanamve, muyamikireni pamaso pa anzake.

Ulendo wotsatira tidzakambirana za mwambo wa malonje womwewo, momwe umachitikira kuno kwa Atumbuka ndi kwa Achewa.