Mlendo wa pa mpando wakumbuyo

Mayeso a pakati pa semesita ambirife tinalakwa. M'minibasi yobwerera ku Nyambadwe, kumene timachita lendi, tinkangong'ung'udza kuti bambo aja zinthu amazidziwa, koma amalankhula ndi bolodi osati ndi ife. Fizi yathu makolo amaipeza atagulitsa nandolo ndi chimanga, choncho kubwereza kosi si nkhani yoseketsa.

Lolemba lina tinapeza mphunzitsi wa dipatimenti ina atakhala pa mpando wakumbuyo, kope lili m'manja. Tinkayesa abwera kudzawapezera zifukwa anzawowo. Ayi ndithu. Tinadzamva kuti aphunzitsi angapo anagwirizana zomalowa m'makalasi a anzawo, kenako Lachinayi masana n'kukhala pansi kuuzana mosabisa zimene aona.

Ife Aadiventi siziyenera kutidabwitsa. Kumpingo aphunzitsi a Sukulu ya Sabata amayamba akumana okhaokha n'kukambirana phunziro asanakaime pamaso pa kalasi. Koma munthu wa madigiri awiri kulola mnzake kumuuza kuti "mukuthamanga kwambiri", zimenezo tinali tisanazionepo.

Patatha milungu itatu, bambo aja analekeza kulemba chiganizo chili pakati, n'kutembenuka, n'kufunsa amene watsalira. Tinayang'anana. Manja anayamba kukwera limodzilimodzi, ndi athu omwe.