Galimoto Yakale Ikayamba Kumwa Mafuta

Amayi anzanga, sabata ino ndapatuka pang'ono pa nkhani zathu za kadyetsedwe ka ana ndi kasamalidwe ka pakhomo. Ndifuna tikambirane za galimoto. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti, "Kodi za injini n'za ife?" Inenso ndinkatero. Koma ndalama imene imapsa mu injini ndi yomwe ija ikadagula sopo, mchere ndi yunifolomu ya mwana, ndipo ine galimoto inatsala pang'ono kundichotsera ulemu pakati pa amayi amene ndawatsogolera zaka zambiri. Tamvani m'mene zinayendera.

Ife timakhala kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, kumene kachewere, kabichi ndi matimati zimachita bwino. M'gulu lathu tilimo amayi 14. Bambo a kunyumba kwathu ali ndi pikiapu yakale yoyendera petulo, imene inadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike pakhomo pathu. Tinapangana kuti kawiri pa sabata bambowo azititengera katundu ku misika ya ku Lilongwe, ife tizisonkha ya mafuta ndi kangachepe ka thukuta lawo. Kuchokera pa Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo tikaphatikiza msewu wafumbi wa kumudzi ndi kuzungulira m'tauni, ulendo wopita ndi kubwera umakwana makilomita 200. Malita 20 ankatikwanira.

Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mafuta athu amachokera kutali, amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola. Izi amayi anazimvetsa, pakuti anazimva okha pa wailesi, ndipo anawonjezera chopereka mosanyinyirika. Chimene sanachimvetse chinadza m'nyengo yozizira ya 2024. Mtengo wa pa pampu unali womwewo, koma bambo anayamba kunena kuti malita 20 sakufikanso. Anapempha 25, patapita masabata ochepa anapempha 29.

Tsiku lina madzulo msungichuma wathu anafika pakhomo, nakhala pamkeka nthawi yaitali osanena chimene wadzera. Potsiriza anati, "Amayi, musandikwiyire, ine ndangotumidwa ndi chikumbumtima. Ku mjigo anthu akuti inu ndi bambo mukudya ndalama za gulu." Usiku umenewo sindinagone. Ndipo popeza tili patokha amayi, ndiulule: mumtima mwanga munalowanso ganizo lina. Ndinayamba kudzifunsa ngati ku Lilongwe kulibe khomo lina limene galimoto yathu imakaima.

M'mawa ndinafunsa mwaulemu, "Bambo, kodi mafutawa akupita kuti?" Iwo anati, "Mayi, galimoto yakalamba. Ndiponso petulo wa masiku ano ndi wosakaniza." Yankho limeneli silikadatseka pakamwa pa amayi 13, ngakhale mtima wanga silinaukhazike. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma kuwerengera ndimakudziwa, chifukwa mabuku a gulu ndawasunga nthawi yaitali. Ndinatenga kope la mwana losatha, ndi kuwauza bambo kuti ulendo wotsatira ndikwera nawo.

Kayezedwe kake n'kosavuta, ndipo ndikupemphani mukasunge. Mumwetse galimoto mpaka pampu idule yokha, ndipo mulembe nambala ya makilomita imene ili kutsogolo kwa chiwongolero. Yendani ulendo wanu. Pobwera mumwetsenso mpaka pampu idule, makamaka pa malo omwewo, mulembe malita amene alowa ndi nambala yatsopano. Chotsani nambala yoyamba ku yachiwiri, ndipo makilomita amene mwapezawo muwagawe ndi malita. Ife tinayenda makilomita 200 ndi malita 29, kutanthauza kuti lita imodzi inkatiyendetsa makilomita 7 okha, pamene kale inkatiyendetsa 10. Ndinali m'galimotomo kuchokera pakhomo mpaka kubwerera, ndipo sitinapatukire kwina kulikonse. Bambo anali osalakwa, ndipo ndinachita manyazi ndi maganizo anga aja. Koma malita 9 otayikawo anali K22,770 pa ulendo uliwonse, kawiri pa sabata.

Pa ulendo womwewo ndinaona chinthu china chimene mpaka lero chimandiimitsa tsitsi. Titafika pa mitsetse ya pakati pa Dedza ndi Linthipe, galimoto itadzaza matumba a kachewere, bambo anachotsa giya nazimitsa injini, akuti apulumutse mafuta. Tinatsetsereka mwakachetechete. Mwadzidzidzi wanjinga wonyamula makala anakhotera pakati pa msewu. Bambo anaponda buleki kamodzi, kawiri, kachitatu buleki inauma ngati mwala. Anakoka buleki yam'manja, ndipo tinakaima m'maudzu m'mbali mwa msewu, wanjinga uja atapita osadziwa n'komwe kuti imfa inam'nunkhiza. Bambo anangogwira chiwongolero osayankhula. Manenedwe a ku mjigo aja anali atawafika iwonso, ndipo ankayesa kupulumutsa mafuta m'njira imene ikadatisiyira ana amasiye.

Safunsa anadya phula. Tinapita kwa makaniko wina wachinyamata, amene asanatsegule n'komwe boneti anati injini yatha, iyenera kuphwasulidwa yonse. Mtengo umene anatchula unali wa feteleza wa chaka chathunthu. Tinapitanso kwa mkulu wina wa imvi amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo pa boma, ndipo iye anayamba wapempha kope langa, naliwerenga. Anati, "Mayi, mwachita bwino. Tiyambe ndi zotsika mtengo. Tikonze chimodzi kapena ziwiri, inu mukayeze, mubwerenso." Za petulo wosakaniza anaseka. Anatikumbutsa kuti m'dziko muno petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndiye kuti galimoto yathu yamwa petulo wotere moyo wake wonse wa kuno. Za buleki ija anafotokoza kuti mphamvu imene imafewetsa buleki imachokera ku injini. Injini ikazima, mphamvuyo imatsala ya kuponda kamodzi kapena kawiri basi. Ndiponso galimoto ikatsetsereka yopanda giya, katundu yense amatsamira pa mabuleki mpaka atenthe ndi kuleka kugwira.

Anayamba ndi matayala. Onse anayi anali ndi mpweya wochepa, ngakhale poyang'ana ndi maso ankaoneka abwino. Amene munapalasapo njinga ya tayala lofewa mukudziwa m'mene miyendo imawawira, ndipo injini imavutikanso chimodzimodzi. Muyeso woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pikiapu ikasenza katundu, matayala akumbuyo amafuna mpweya wochulukirapo. Muziyeza m'mawa matayala asanatenthe.

Kenaka anatulutsa sefa ya mpweya. Inali yofiira ndi fumbi la msewu wa kwathu. Anaiimika padzuwa natiuza tisuzumire, ndipo kuwala sikunadutse. Injini imatentha petulo pamodzi ndi mpweya, monga moto wa pamafuwa umafuna mphepo. Galimoto zakale za kabuleta ngati yathu, mpweya ukachepa zimakoka petulo wambiri. Sefa ya pepala sachapa ndi madzi; ikatsekeka amagula ina. Mapulagi, amene amapereka kamoto koyatsira petulo, anatuluka akuda ndi mwaye ngati kunsi kwa mphika. Pulagi yabwino nsonga yake imakhala yotuwa mofiirira. Tinasintha sefa ndi mapulagi, tinapopa matayala, ndipo ulendo wotsatira kope linaonetsa malita 24.

Titabwerera kwa mkuluyo, anazungulira galimoto akuyandikiza dzanja pa gudumu lililonse. Limodzi lakumbuyo linali kutentha kuposa anzake. Atalikweza ndi jeke linakana kuzungulira ndi dzanja, chifukwa waya wa buleki yam'manja unachita dzimbiri, sunkabwerera. Masabata onsewo galimoto inkayenda ikudzikoka yokha, ngati mayi woyenda mwana atam'gwira chitenje.

Chotsiriza chinali chobisika kwambiri. Anafunsa bambo kuti muvi wosonyeza kutentha kwa injini umaima pati, ndipo bambo anayankha monyadira kuti sukwera n'komwe. Mkuluyo anapukusa mutu. Mu injini muli kachipangizo kotchedwa themositati, kamene kamatseka madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini ifunde. M'dzinja lapitalo galimoto itatentha, wokonza wina anakachotsa n'kukataya, pamene vuto lenileni linali redieta yotsekeka. M'miyezi yotentha sizinadziwike kwambiri. Koma kuzizira kwa Dedza mu June ndi July mukukudziwa. Injini sinkafunda, ndipo injini yozizira imamwa mafuta ambiri, monga mphika wosavundikira umathera nkhuni. Muvi uja uyenera kuima chapakati. Ataikamo themositati yatsopano, kutsuka redieta ndi kukonza buleki, malita anatsika kufika 21. Zonse pamodzi sizinapose ndalama zimene tinkataya pa maulendo asanu, ndipo injini sinaphwasulidwe.

Lita imodzi yotsalayo inali m'makhalidwe athu. Bambo ankaliza injini theka la ola m'mawa, akuti ifunde, iwo akumwa tiyi. Mphindi imodzi kapena ziwiri n'zokwanira, kenaka muyambe kuyenda pang'onopang'ono. Ifenso amayi tinkapanikiza katundu mpaka galimoto kukhala pansi, aliyense akuti thumba lake lisatsale. Tsopano tili ndi malire, ndipo timasinthana masiku. Bambo anachepetsanso liwiro, chifukwa galimoto ikapitirira makilomita 80 pa ola, mphepo imene ikulimbana nayo imadya mafuta ochuluka.

Pa msonkhano wotsatira ndinaimirira ndi kope langa, ndi kuwerenga ulendo uliwonse, tsiku lake, makilomita ake ndi malita ake. Sindinatchule amene ananena za ine, ngakhale ndinkawadziwa. Mayi wina wachikulire anati, "Amayi, mutikhululukire, tinayankhula tisanaone." Ndinayankha kuti inenso ndinakayikira bambo a m'nyumba mwanga momwe ndisanaone, ndipo tonse tinaseka. Kuyambira pamenepo kope limakhala ndi msungichuma, ndipo ulendo uliwonse mayi mmodzi amakwera nawo ndi kulemba. Walira mvula walira matope: tinagwirizananso kuti pa ulendo uliwonse tiziika padera kandalama ka galimoto, monga timachitira ku banki m'khonde, kuti oyilo azisinthidwa pa makilomita 5,000 alionse chifukwa cha fumbi la kwathu, ndipo tayala likatha tisamayambe kukongola.

Inu amayi a m'tauni, galimoto zambiri zimene amuna anu kapena inu eni mumagula zochokera ku Japan zilibe kabuleta. Mafuta amayezedwa ndi kompyuta. M'galimoto zotere sefa yotsekeka imachepetsa mphamvu kuposa kuwonjezera kumwa, koma matayala ofewa, buleki yogwira ndi themositati yochotsedwa zimadya mafuta chimodzimodzi. Kanyali kachikasu ka chithunzi cha injini kakayaka, musalole kuti kamatidwe ndi pepala kapena kuchotsedwa babu. Nthawi zina kamanena za kachipangizo ka pa paipi ya utsi kamene kamauza kompyuta muyeso wa petulo, ndipo kakafa galimoto imamwa kwambiri. Dziwaninso kuti galimoto zotere zikamatsika mtsetse zili m'giya, phazi litachoka pa moto, kompyuta imadula yokha mafuta. Wochotsa giya sapindula kanthu, amangoika moyo pachiswe.

Pali zina zimene mayi angathe kuona ali pakhomo, ngakhale sanagwirepo sipanala. M'mawa galimoto ikachoka, yang'anani pamene inagona ngati pali madontho, ndipo mukamva fungo la petulo isayende mpaka ionedwe. Yang'ananinso utsi. Wakuda ukunena kuti petulo akuchuluka, wabuluu ukunena kuti injini ikutentha oyilo, ndipo woyera wosatha ngakhale injini itafunda ukhoza kutanthauza kuti madzi akulowa mu injini. Mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2022 ndi 2024, chenjerani ndi a m'zigubu, chifukwa ena amathiramo palafini ndipo muyeso wake sukwana. Chigubu cha petulo chisagone m'nyumba imene muli mbaula ndi ana.

Sindikuti mulande amuna anu makiyi, kapena muziwafunsa ngati wapolisi wa pamsewu. Sankhani nthawi yabwino, atadya ndi kupuma, munene kuti mukufuna kuthandiza kusunga kope la galimoto monga mumasungira la pakhomo. Bambo a kwathu poyamba ananyinyirika, koma lero akafika pa pampu amayamba okha kunena nambala mayi wolemba asanatulutse cholembera. Pikiapu ija ikadayendabe, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu imatsika mitsetse ya ku Linthipe ili m'giya.

Tsalani bwino amayi, tidzachezanso sabata yamawa.