Nyali za Galimoto Zikagwa Ng'ala

Inu anzanga a m'midzi, nyengo yogulitsa mbeu ikafika mumakwera matola, kapena kubwereka galimoto yoti inyamule cimanga, mtedza ndi fodya. Mumayang'ana matayala, mumakangana za mtengo wa ulendo, koma ndi angati mwa inu amene amapita kutsogolo kukaona nyali? Ine ndimayambira komweko. Galimoto zambiri za m'miseu yathu zinayamba zagwira nchito ku Japan, nizifika kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam zitakula kale. Dzuwa lathu likaziomba zaka zingapo, nyali zimasanduka zacikasu ndi zambuu, ngati diso la nkhalamba logwa ng'ala.

Galimoto zamakedzana zinali ndi nyali zagalasi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 opanga galimoto anayamba kusiya galasi, natenga pulasitiki yolimba, dzina lace polycarbonate, popeza njopepuka ndipo siisweka msanga mwala ukaigenda. Koma pulasitikiyi imaopa dzuwa, ncifukwa cace ku fakitale amaikuta ndi kacikopa kopyapyala koiteteza. Kacikopako nkamene kamapsa ndi dzuwa, nikakalika ndi fumbi ndi mcenga. Mu 2018 bungwe la eni galimoto la ku America, AAA, linayesa nyali zotere, nilipeza kuti zinali kuturutsa magawo 22 okha pa 100 a kuwala kwa nyali yatsopano. Tsono taganizani za ngolo ya ng'ombe yobwerera usiku yopanda nyali, kapena mwana wanu wocokera ku cigayo pa njinga. Woyendetsa amadzawaona atawafika kale.

Mwai wace ngwakuti ng'alayi iri kunja, ndipo imacoka. Nyali yatsopano njokwera mtengo, koma sandipepa ngwa ndalama zocepa. Tsukani nyali ndi sopo, matani tepi m'mbali mwace kuti musakale utoto wa galimoto. Gulani sandipepa wogwira ndi madzi, wa manambala 800, 1500, 2000 ndi 3000. Nambala ikamakula ndiye kuti ngwosalala. Yambani ndi 800, kukweca mopingasa, mukuthira madzi nthawi zonse. Poyamba madziwo adzatsika acikasu. Akayamba kutsika oyera ngati mkaka, dziwani kuti cikopa cakupsa catha. Apa nyali idzaoneka yoipa kuposa kale, ndipo ndaona anthu ena akutaya mtima pomwepa. Musaope ai. Tengani 1500, kwecani cotsika ndi cokwera, kenaka 2000 mopingasanso, cotero mpaka 3000. Mukatero pukutani ndi polishi wa galimoto pa kansaru kofewa kufikira nyali iwale mbee.

Pano mpamene ambiri amalekera, ndipo pano mpamene pagona nkhani. Mwacotsa cikopa cakale, pulasitiki yatsala yosabvala. Mukaisiya comweco, pakutha pa miyezi yowerengeka idzakhalanso yacikasu. Itsukeninso kuti polishi acoke, iume bwino-bwino, ndipo muipake utoto woonekera woteteza ku dzuwa, umene m'masitolo a zipangizo za galimoto amati clear coat. Onani kuti pa citini palembedwa UV. Pakani pa mthunzi, popanda fumbi.

Alipo anyamata amene amakweca nyali ndi mankhwala otsukira mano. Imawala ndithu pang'ono, koma ya masabata ocepa cabe. Ine ndimati imeneyo ndi nchito yosangalatsa wogula galimoto, osati yopulumutsa woyenda pansi. Petulo, thina ndi mafuta a mabuleki musayese konse, cifukwa zimadya pulasitiki niziing'alula timing'alu tosakonzekanso.

Nyali zofiira za kumbuyo kawiri-kawiri ziri za pulasitiki ya mtundu wina, yosaopa dzuwa kweni-kweni. Zimangokalika ndi kuzilala, ndipo polishi yekha amakwanira. Koma mukaona nkhungu kapena timadontho ta madzi mkati mwa nyali iri yonse, sandipepa sathandiza. Pali pamene pakulowa madzi, ndipo pafunika kuumitsa ndi kumata.

Musanakweze matumba pa ulendo wa usiku, pemphani woyendetsa ayatse nyali moloza khoma la nyumba. Zikangoti phuliphuli ngati koloboyi, muuzeni kuti munyamuke mmawa.