MLEMBI WA KU SASARE ASANKHA SWICHI YA MAKOMPYUTA

Dzina la Sasare linamveka kale m'dziko muno cifukwa ca mgodi wa golide umene unakumbidwa m'masiku a atsamunda. Lero anthu a m'derali amadalira khasu: amalima cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Koma ngakhale mlimi wa khasu sangalandire feteleza wa Boma ngati dzina lake silinalowe m'kaundula wa pa kompyuta. Kuyambira caka ca 2015, pamene Boma linayamba kuyesa njira ya e-voucher m'cikonzero ca FISP, nchito ya alembi a makoparetivi yakhala ikucoka m'mabuku ndi kulowa m'makina.

Pa koparetivi ina ya m'dera limeneli, mamembala anasonkha ndalama za nshawa nagula makompyuta atatu ndi makina osindikizira makalata. Anagulanso rauta, kabokosi kamene kamakoka intaneti kucokera ku nsanja ya mafoni. Kompyuta yoyamba inali ya mlembi, yaciwiri ya msungi cuma, ndipo yacitatu anaiika pa khonde kuti anyamata ndi atsikana a m'midzi azilembera makalata ofunsira nchito ndi malo ku makoleji, polipira kandalama kocepa.

Posakhalitsa panaoneka bvuto. Rauta ija inali ndi zibowo ziwiri zokha zolowetsamo nthambo, koma makina ofuna kulumikizidwa anali ambiri. Komiti inapatsa mlembi, mai wa ana anai, udindo wogula cipangizo cochedwa swichi. Iyi si swichi yoyatsira magetsi iai. Ndi kabokosi kokhala ndi zibowo 5, 8, 16 kapena 24, kamene kamalandira uthenga kucokera ku makina amodzi ndi kuupereka ku makina okhao amene uthengawo ukupita. Njira yolumikiza makompyuta ndi nthambo, yochedwa Ethernet, inayambika mu 1973 ku Xerox PARC m'dziko la America, ndipo swichi yoyamba ya mtundu umenewu inagulitsidwa ndi kampani ya Kalpana mu 1990. Zimene zinali za maofesi akulu a ku America tsopano zafika pa thebulo la mlembi wa ku Sasare.

Mai mlembi sanathamangire kugula. Ndalama zinali za anthu, ndipo akaziononga caka ciri conse codikira zokolola zina cikanakhala ca manyazi kwa iwo. Anakumbukira mau a akulu akuti safunsa anadya phula, naimbira lamya mphwao amene amaphunzira za makompyuta ku Lusaka. Iye anawauza kuti maswichi alipo a mitundu iwiri. Wina ngwamba: munthu amangolowetsa nthambo ndipo nchito iyamba. Wina ndi wolamulika, umene ogulitsa amaucha managed kapena smart, ndipo mwini amatha kuutsegula pa kompyuta ndi kuupatsa malamulo. Wolamulika ndi wokwera mtengo kuposa wamba.

Pa msonkhano wa komiti nkhaniyi inabvuta. "Amai mlembi," anatero a cheyamani, "ngati zonse ziwiri zigwira nchito imodzi, tilipirirenji zambiri? Anthu adzatifunsa."

"A cheyamani," anayankha mai mlembi, "m'kompyuta yanga muli maina a mamembala onse, manambala a maregi ao, manambala a mafoni ao, ndi ngongole za munthu ali yense. Tikagula swichi wamba, kompyuta ya pa khonde ndi yanga zidzakhala ngati mbuzi ndi ng'ombe m'khola limodzi lopanda mpanda pakati. Mnyamata wocenjera angathe kusuzumira m'mene siyenera."

Mau amenewa anali ndi maziko. Swichi yolamulika imatha kugawa zibowo zake m'magulu amene akatswiri amawacha VLAN, ndipo malamulo a njira imeneyi anakhazikitsidwa mu 1998. Magulu amenewa ali ngati makola awiri a ziweto zomwera pa citsime cimodzi: onse apeza intaneti, koma a gulu lina saona za gulu linzao. Ndiponso mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, limene limalamula ali yense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze. Nambala ya regi ndi ya foni zikagwa m'manja mwa mbala, mlimi angathe kunamizidwa ndi kuberedwa ndalama za pa foni.

Panalinso cifukwa caciwiri. Intaneti ya pa nsanja imagulidwa m'mabando, ndipo mnyamata mmodzi woonera mpira angathe kumaliza bando la mwezi wonse tsiku limene mlembi afuna kutumiza maina kwa mlangizi wa zaulimi. Swichi yolamulika imalola mwini kucepetsa liwiro la cibowo cimodzi, kuona cibowo cimene cikudya zambiri, ngakhale kucitseka. Komiti itamva zimenezi inabvomera.

Mai mlembi anakwera galimoto kupita ku boma la Petauke. M'sitolo ina wogulitsa anawaonetsa swichi yaikulu ya zibowo 24, nanena kuti ofesi yolemekezeka iyenera kukhala ndi yotere. Koma iwo anali atawerenga kale makina ao pa pepala: rauta, kompyuta ya mlembi, ya msungi cuma, ya pa khonde, makina osindikizira, ndi kabokosi ka wi-fi kothandiza mafoni a alendo. Zonse pamodzi zinali 6. Swichi ya zibowo 5 ikanacepa, ndipo ya zibowo 24 ikanakhala nkhokwe yaikulu ya munthu wokolola dengu limodzi. Ya zibowo 8 inasiya ziwiri za mtsogolo. Anaonetsetsanso kuti zibowo zonse ndi za gigabit, ndiko kunena mamegabiti 1,000 pa sekondi, pakuti za mamegabiti 100 ndi za kale.

Funso lalikulu kuposa onse linali la magetsi. Ofesi ya koparetiviyi imadalira sola ndi batire. Ngakhale a m'tauni amene ali ndi magetsi a ZESCO sanaiwale caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Swichi yaing'ono ya zibowo 8 kawirikawiri imadya mawati osafika 10, ngati babu limodzi la masiku ano, ndipo batire silimva kulemera. Wogulitsa anachula mtundu wina wochedwa PoE, umene umatumiza magetsi m'nthambo yomweyo ya uthenga kuti uyendetse makamera ndi mabokosi a wi-fi. Malamulo ake a mu 2003 amalola mawati 15.4 pa cibowo cimodzi, ndipo a mu 2009 amalola mawati 30. Mtundu umenewu ngwabwino kwa munthu wa makamera ambiri, koma ngwodula ndipo umafuna magetsi oculuka. Popeza mai mlembi analibe kamera, anausiya.

Anaganiziranso nyengo ya kwao. M'mwezi wa October dera loyandikana ndi cigwa ca Luangwa limatentha kwambiri, ndipo pansi pa denga la malata kutentha kumaonjezeka. Maswichi ang'ono ambiri anapangidwa kuti agwire nchito pa kutentha kosapitirira madigiri 40. Iwo anasankha ya thupi lacitsulo, imene imataya kutentha msanga, ndiponso yopanda fani, cifukwa fani imakoka pfumbi la m'cilimwe ndi kulilowetsa m'kati. Mphwao anawacenjeza za mphezi ya m'dzinja: nthambo yodutsa panja kucoka nyumba ina kupita inzake imatha kulowetsa moto wa mphezi m'makina onse, conco mabingu akayamba nkofunika kuzula. Anawauzanso kuti nthambo imodzi isapitirire mamita 100.

Asanalipire anafunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi swichi imeneyi ingalamulidwe pa kompyuta ya mu ofesi popanda intaneti? Alipo maswichi ena amene amafuna kuti mwini alembetse dzina ku kampani ya kunja ndi kuwalamulira kudzera pa intaneti, ndipo kumudzi kumene netiweki imabwera ndi kupita zotere ndi msampha. Laciwiri: kodi idzagwirizana ndi rauta yao pa nkhani yogawa magulu? Marauta ena ochipa sadziwa za VLAN, ndipo pamenepo pafunika swichi yotha kulekanitsa zibowo payokha. Lacitatu: ikafa m'miyezi yoyamba, adzaibwezera kuti? Kucoka ku Petauke kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 400, ndipo mtengo wa basi ungapose mtengo wa cipangizo. Anapempha risiti lolembedwa bwino ndi pepala la citsimikizo.

Nchito yeniyeni inayamba atabwerera kumudzi. Swichi yatsopano imabwera ndi mau acinsinsi a ku fakitale amene munthu ali yense angawapeze, ndipo mwini akapanda kuwasintha ali ngati wogula loko nasiya kiyi pa citseko. Pa chuti mphwao anabwera, nawathandiza kusintha mauwo, kugawa magulu awiri, ndi kusunga malamulo onse pa kafulashi kuti swichi ikasokonezeka aibwezeretse. Mai mlembi analemba m'buku la koparetivi nchito ya cibowo ciri conse, namata timapepala pa nthambo. Mau acinsinsi anawatsekera mu envulopu imene a cheyamani amasunga. Kenaka anaphunzitsa msungi cuma zonse zimene iwo anaphunzira, pozindikira kuti masankho a komiti amabwera ndipo mlembi sakhala pa mpando kwamuyaya.

Mabanja ndi maofesi ang'ono a ku Petauke, Nyimba ndi madera ena atengepo phunziro, makamaka tsopano pamene intaneti ya pa satilaiti ya Starlink inafika m'Zambia mu 2023 ndipo anthu ena ayamba kugawana mzere umodzi. Nyumba imene iri ndi kompyuta imodzi ndi wailesi ya kanema siifunika swichi yolamulika; zibowo za rauta kapena swichi wamba zikwanira, ndipo ndalama zotsala zigule mbeu. Koma sukulu, kiliniki, sitolo kapena koparetivi imene imasunga maina ndi ndalama za anthu, kwinaku ikulola alendo kugwiritsa nchito intaneti yomweyo, iyenera kumanga mpanda pakati. Ndipo musanagule, yambani mwapeza munthu wa pamalopo amene adzaphunzire kuilamulira ndi wina waciwiri wodzamlowa m'malo, cifukwa swichi yolamulika imene palibe woilamulira imagwira nchito ngati wamba, pamene ndalama zapita zambiri.